Musanasiye ntchito yanu n'kukagula makina owotcherera

Miyezi yapitayi anthu angapo andifunsa funso limodzimodzi, wina pamsonkhano wa alimi ku Chadiza, ena m'tauni muno mu Chipata. "Alangizi, ndikufuna kusiya zimene ndikuchitazi ndiyambe kuwotcherera zitsulo. Kodi muli ndalama?" Ofunsawo si anyamata ongochoka pasukulu ayi. Wina ndi mlonda, wina amapalasa njinga yonyamula anthu, wina ndi mayi wa salaula amene watopa ndi mabelo osayenda malonda. Onse ali ndi ana odyetsa, choncho sindiwayankha mwachibwana.

Ndalama zilimo, koma sizili pamene ambiri amaloza. Munthu amadutsa ku Kapata, aona moto ukuthetheka m'mbali mwa msewu, amva kuti geti limodzi likugulidwa masauzande a makwacha, mtima n'kuyamba kudumpha. Sakudziwa kuti gawo lalikulu la ndalama ya getilo linatsala kale kwa wogulitsa zitsulo ku Down Shops. Wowotcherera amene amadya bwino ndi amene amadziwa kuyeza, kudula ndi kutchula mtengo. Kuyatsa rodi, kandodo kachitsulo kowotcherera nako, aliyense amaphunzira m'masabata ochepa.

Choyamba dziwani kuti kuno kum'mawa ndalama zimayenda ndi munda. Kuyambira June, anthu akagulitsa chimanga, soya, nshawa, mpendadzuwa ndi thonje, kufikira cha mu October, aliyense amamanga. Imeneyo ndiyo nyengo ya mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo zotchingira akuba, mageti ndi masitandi a matanki a madzi. Mvula ikayandikira kumabwera mapulawo othyoka, maripa ndi ngolo zoduka ekiselo, mwini wake akufuna zithe lero lomwe chifukwa ng'ombe zikudikira. Kenako January mpaka March kumati zii. Ndalama yonse yapita ku fetereza ndi ku zofunika za ana kusukulu. Miyezi imeneyi wowotcherera amakhalira tintchito ting'onoting'ono: kaliyala wa njinga, mbaula, wilibala, mwendo wa mpando, sefa ya chigayo. Musatinyoze tintchito timeneti. M'tintchitoti mulibe chitsulo chogula, ndalama imalowa m'thumba nthawi yomweyo, ndipo mwini njinga wa lero ndiye adzakuitanani akamamanga nyumba. Ndiye chifukwa chake amene ali ndi munda ndimamuuza kuti asautaye. Chimanga cha m'nkhokwe ndicho chidzakusungani mu February.

Za kuphunzira, njira zilipo ziwiri ndipo zabwino n'kuziphatikiza. Yoyamba ndi kukhala pansi pa mmisiri. Sankhani amene ntchito zake mwaziona ndi maso, geti limene lakhala zaka likutseguka osakhula pansi. Mudzayamba ndi kunyamula zitsulo, kupala ndi galainda ndi kupenta, ndipo kwa munthu wa zaka 35 kutumidwa ndi mnyamata wa zaka 22 kumawawa. Pirirani, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati muli pantchito, pitaniko Loweruka ndi madzulo, malipiro anu akupitirira. Njira yachiwiri ndi sukulu ya ntchito zamanja yovomerezeka ndi TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro otere. Kafunseni ku Chipata Trades Training Institute, kapena ku Ukwimi Trades kwa a ku Petauke, za maphunziro a Metal Fabrication, opanga zinthu ndi zitsulo. TEVETA ili ndi mayeso a trade test amene amayambira pa Level III kukwera kufika pa Level I, ndipo munthu amene anaphunzirira pamsewu, bola manja ake akudziwa ntchito, angathe kukayesedwa n'kulandira setifiketi. Pepalali silipangitsa chitsulo kugwirana bwino, koma popanda ilo kampani yomanga kapena ofesi ya boma siikuyang'anani kawiri.

Za malipiro a sukulu musathamangire kaloba. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, ndiye kaonaneni ndi akansala msanga, osadikira kumva kuti anatseka. Chaka chomwecho maphunziro aulere anadzaza makalasi, madesiki n'kuperewera, ndipo boma likufuna kuti madesikiwo azipangidwa ndi amisiri a konkuno. Ntchito zotere zimapita kwa amene analembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, ali ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA ndi akaunti ya kubanki. Koma ndikuchenjezeni: ntchito ya tenda imafuna kuti muyambe mwagula zitsulo ndi ndalama zanu, malipiro n'kubwera pambuyo, nthawi zina mochedwa. Woyamba kumene asaike mtima wonse pamenepo. Kulowa m'gulu ndi amisiri anzanu kumapepuza katundu.

Tsopano tikhale pansi tiwerenge, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera. Chitsulo, kaya ndi square tube, angle iron kapena flat bar, chimagulitsidwa m'mitanda ya mamita 6. Mukamapanga felemu lotalika mamita 2.1, mulifupi mamita 0.9, mbali ziwiri ndi pamwamba zimadya mamita 5.1, n'kutsala mamita 0.9. Kotsalako ndi ndalama, kasungeni, kadzalowa m'windo la mawa. Koma mukalakwitsa kudula mbali imodzi ndi masentimita 5 okha, kotsalako sikangakupulumutseni, mubwerera kusitolo kukagula mtanda wina, phindu la felemulo lathera pomwepo. Yezani kawiri musanayatse galainda. Musanawotcherere mokhazikika, gwirizitsani m'makona ndi timadontho, kenako yezani kuchoka pakona ina kudutsa pakati kufika pakona yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezoyo ikafanana, felemu lili sikweya. Chitsulo chikatentha chimakoka, ndiye mukamaliziratu kona imodzi zinazo zisanagwire, chitseko sichidzatseka ndipo mwini nyumba adzauza mudzi wonse.

Tiyerekeze ndi geti, ndipo manambala awa ndangowaika kuti muone kawerengedwe, inu muikepo mitengo ya tsiku limene mukugula. Mwagwirizana K5,000. Zitsulo, mahinji ndi loko zadya K3,000. Marodi ndi madisiki a galainda K300. Penti yofiira yoteteza dzimbiri, penti yomaliza ndi thina K350. Kunyamula zitsulo ndi kukapereka geti K200. Magetsi kapena mafuta a jenereta K250. Wokuthandizani K300. Zonse pamodzi K4,400. Zatsala K600, ndipo getilo lakutengerani masiku atatu, ndiye kuti K200 patsiku, musanachotse lendi ya malo ndi ndalama yodzakonzera makina akapsa. Munthu wosalemba amaona K5,000 m'manja n'kudziyesa bwana. Akatchula mtengo mongoganizira, kapena kutsitsa kuti alande kasitomala wa mnzake, amapezeka wagwira sabata yathunthu kwaulere.

Choncho gulani kabuku. Ntchito iliyonse lembani miyezo, mtundu wa chitsulo ndi kukhuthala kwake, mtengo ndi tsiku. Landirani dipoziti yokwanira kugula zitsulo zonse, ndipo kagulenidi zitsulozo tsiku lomwelo. Dipoziti ikapita ku maliro kapena ku ndiwo, mudzayamba kugulira zitsulo za uyu ndi ndalama za uyo, ndipo mathero ake ndi kubisala kasitomala akamabwera. Mtengo wa zitsulo umatsata dola, ndiye muuzeni munthu kuti mtengo mwatchulawu ndi wa sabata imodzi. Amalume akabwera ndi ngolo yawo, alandireni ndi ulemu, koma anene okha kuti marodi agula ndani.

Ena amachepetsa mtengo pogula chitsulo chopyapyala kuposa chimene anagwirizana, n'kuphimba ndi penti. Pa windo mwina zidutsa. Pa sitandi ya tanki musayerekeze. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye tanki ya malita 5,000 ndi matani asanu ali pamwamba pa mitu ya ana. Ntchito imeneyo musailandire musanaigwirepo pamodzi ndi mmisiri wodziwa.

Za zida sinditalikitsa. Makina ang'ono a inverter ndi opepuka, mutha kuwanyamula panjinga kupita kumudzi, ndipo sadya magetsi ngati akale olemera aja. Onjezani galainda, tepi, sikweya, levulo, zopanira, hamala yogogodera zotsalira pamsoko, ndi chigoba cha kumaso. Rodi ya ntchito zambiri ndi E6013: ya mamilimita 2.5 pa chubu chopyapyala, moto wa pakati pa ma amp 60 ndi 90, ya 3.2 pa chitsulo chokhuthala, cha pa 90 mpaka 130. Marodi asungeni pouma, akanyowa amalavula ndipo msoko umachita timabowo. Chitsulo cha cast iron chili ndi rodi yakeyake, mukachiwotcherera ndi wamba chimang'aluka chikamazizira.

Vuto lalikulu ndi magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti akumabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa, amisiri akugona pa shopu kuwadikira. Amene anali ndi jenereta ndiwo anagwira ntchito masana. Jenereta yaing'ono ya wailesi ndi mababu siingakoke makina owotcherera, imafunika ya 5 kVA kupita m'mwamba. Ndi yodula, ndiye iikeni pa chilimba, osati pa ngongole ya chiwongoladzanja. Ikapezeka imatsegulanso msika wa kumidzi kumene ZESCO sinafike, kumene mlimi amayenda mtunda wautali ndi pulawo pa njinga kufuna wowotcherera.

Thupi lanu ndilo chida chimene simungagule china. Magalasi a dzuwa amene ambiri amavala si chitetezo. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza maso, ululu wake umabwera patapita maola angapo, usiku, ngati munthu wakuthirani mchenga. Valani chigoba chokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11, ndipo thamangitsani ana amene amaima n'kumaonerera. Maso akapsa musathiremo mkaka kapena mankhwala ongouzidwa ndi anzanu, pitani kuchipatala. Galainda musaichotse chotchingira, disiki ikasweka imadula nkhope. Valani zovala za thonje, za nailoni zimasungunukira pakhungu. Musagwire ntchito mutaima ponyowa. Utsi wa chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinki ngati malata, umadwalitsa mutu, kuzizidwa ndi kutentha thupi, ndiye chiwotchererereni panja popita mphepo. Ndipo diramu kapena tanki imene munali petulo, dizilo kapena thina musaiyandikize moto ngakhale mwini wake alumbire kuti anatsuka. Chimaphulika ndi mpweya wotsalira m'katimo, ndipo chimapha.

Amene akufuna malipiro a pamwezi okulirapo, msewu wake ndi wa ku migodi ya ku Copperbelt, komanso ya Kansanshi ku Solwezi, Lumwana ndi Kalumbila. Kumeneko amafuna odziwa TIG ndi MIG, njira zowotcherera zogwiritsa ntchito gasi, owotcherera mapaipi, ndipo amakuyesani pamaso pawo musanalembedwe. Luso la mageti lokha silikufikitsani, muyenera kubwerera kusukulu.

Mlonda uja ndinamuuza kuti asasiye ulonda. Usiku azilondera, masana atatu pasabata azipita kwa mmisiri, ndipo akagula makina ake ayambe ndi zokonzakonza, akulemba m'kabuku chimene chatsala atachotsa zonse. Kalata yosiyira ntchito adzalembe kabukuko kakaonetsa kuti kwa miyezi itatu yotsatizana zotsalazo zaposa malipiro ake a ulonda, ndipo mwa miyezi itatuyo umodzi ukhale February.