Kulembetsa mwana wa mphumu kapena ziwengo pasukulu ku England

Mwafunsa zoyenera kuchita kuti sukulu isamalire mwana wanu monga lamulo likunenera. Gawo 100 la lamulo lotchedwa Children and Families Act 2014 limakakamiza sukulu za boma kuthandiza ana odwala.

Musanayambe, khalani ndi kalata ya dokotala, inhela (kachida kopumira mankhwala a mphumu), komanso majakisoni awiri a adrenaline (mankhwala obaya ziwengo zikafika poopsa) ngati ziwengo zake ndi zoopsa. Zonse zikhale m'mabokosi ake olembedwa dzina la mwana.

1. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu polemba kalata, osati pakamwa pokha.
2. Khalani pansi ndi sukulu ndi namwino, mulembe dongosolo la chisamaliro chake: zomwe zimamudzutsira matenda, zizindikiro, mlingo wa mankhwala, ndi woyenera kuimbiridwa foni.
3. Sainani chilolezo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kuyambira 2014 sukulu zimaloledwa kusunga inhela yawoyawo ya mankhwala a salbutamol yothandizira pangozi, ndipo kuyambira 2017 jakisoni wa adrenaline, koma malangizo a boma amafuna kuti kholo livomereze polemba kuti mwana agwiritse ntchito zimenezi. Musadikire tsiku lomwe inhela yake yatsala pawindo kunyumba.
4. Funsani komwe mankhwala asungidwe. Asatsekeredwe m'kabati ya loko. Mwana akubanika, nthawi yosaka kiyi palibe.
5. Tsimikizani kuti aphunzitsi aphunzitsidwa kubaya jakisoni wa adrenaline mbali yakunja ya ntchafu n'kuimba 999, nambala yoitanira ambulansi, nthawi yomweyo.
6. Unikaninso dongosololi chaka chilichonse, ndipo musaiwale kuona deti lothera mphamvu pa mankhwala.