Momwe mungasankhire laputopu yojambulira magemu ndi makatuni kuno ku chigwa cha Shire

Wachinyamata wa ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula akafuna kuyamba kujambula za m'magemu kapena kupanga makatuni, malangizo ambiri amene amawapeza pa intaneti analembedwa ndi anthu okhala m'zipinda zozizira, kumene magetsi sazimazima. Kwathu kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 n'kupyola, pomwe makampani ambiri opanga malaputopu amalangiza kuti makina awo azigwira ntchito pamalo osaposa madigiri 35. Choncho pogula tiziyang'ana mphamvu ya makinawo, inde, komanso ngati angapirire ntchito yolemera kwa maola angapo dzuwa likuswa mtengo.

Choyamba: dziwani ntchito imene mukufuna kugwira

Musanakwere minibasi ya ku Blantyre, khalani pansi mudzifunse chimene mukufuna kupanga. Ngati ndi zojambula ndi dzanja, monga nkhope za anthu a m'gemu, mvuu ndi ng'ona za ku Elephant Marsh, kapena makatuni a 2D ochenjeza za kusefukira kwa madzi, makina odula kwambiri simukuwafuna. Pulogalamu ya Krita ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa laputopu yapakatikati. Godot, yomwe anthu amapangira magemu, nayonso ndi yaulere komanso yopepuka. Ndalama yotsalayo mugulire thabuleti yojambulira ya cholembera, kaya ya Wacom, Huion kapena XP-Pen, chifukwa kujambula ndi mausi n'kudzizunza chabe.

Nkhani imasintha mukalowa mu 3D. Blender, pulogalamu yopangira zithunzi ndi makatuni a 3D yomwe imayang'aniridwa ndi Blender Foundation ya ku Amsterdam ndipo yakhala yaulere kuyambira 2002, imatha kutseguka pa RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito pamene mapulogalamu akuyenda) ya 8GB, koma eni ake amalimbikitsa 32GB ndi GPU (chiwalo chokonza zithunzi) ya 8GB. Unreal Engine 5, pulogalamu ina yopangira magemu, ndiye imadya kwambiri. Kwa woyamba kumene, ine ndingati Unreal idikire kaye. Yambani ndi Blender ndi Godot.

Chachiwiri: yambani kufunsa za GPU

Wogulitsa akakuonani, mawu ake oyamba amakhala akuti, "Iyi ndi Core i7, bwana." Asakutengeni mtima: Core i7 ndi dzina la purosesa, ubongo wa kompyuta. Pa ntchito ya 3D chiwalo chachikulu ndi GPU, imene ena amati graphics card. Ndi imene imawerengera kuwala, mithunzi ndi maonekedwe a chinthu chilichonse. Malaputopu a muofesi amakhala ndi GPU ya mkati mwa purosesa, monga Intel UHD kapena Iris Xe, yomwe imabwereka RAM ya kompyuta yomweyo. Inu mukufuna yoima payokha, yokhala ndi memory yakeyake yotchedwa VRAM.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makatuni amayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndiye mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440. Chithunzi chilichonse kompyuta iyenera kuchimaliza pachokha, ntchito imene amaitcha render. Ngati chimodzi chikutenga mphindi 2, kachidutswa ka mphindi imodzi kadya maola 48. GPU yabwino ikatsitsa nthawiyo kufika masekondi 20, ntchito yomweyo itha m'maola 8, ndiye kuti usiku umodzi. Munthu amene walonjeza kasitomala kuti kanema wake atha Lachisanu akudziwa kulemera kwa kusiyana kumeneku.

Pa Blender, makadi a NVIDIA a mtundu wa RTX ndi amene savuta, chifukwa Cycles, chida cha render mu Blender, imawagwiritsa ntchito bwino. M'malaputopu, RTX 3050 nthawi zambiri imakhala ndi 4GB, RTX 3060 ndi RTX 4050 zili ndi 6GB, pomwe RTX 4060 ili ndi 8GB. GTX 1650 ya 4GB ndi yakale, koma yophunzirira imakwana ngati thumba lavuta. Zolembedwa MX, monga MX250 kapena MX350, nzofooka ngakhale zili ndi kachizindikiro ka NVIDIA pafupi ndi kiyibodi. Musalipire mtengo wa makina a 3D chifukwa cha kachizindikiro kameneko. VRAM ikadzaza, render imaima kapena kuyamba kukwawa, ndipo simungaiwonjezere chifukwa GPU ya laputopu ndi yowotchereredwa pa bolodi. Apa ndi pamene simuyenera kuumira. Pa ntchito yeniyeni, osati yophunzirira chabe, pansi penipeni pakhale 6GB, ndipo ngati mungakwanitse 8GB, tengani.

Pali chinanso chimene ogulitsa ambiri sanena, mwina sachidziwa. GPU ya dzina limodzi imapatsidwa mphamvu yosiyana malinga ndi laputopu yake. RTX 4060 ya mu laputopu yopyapyala ikhoza kupatsidwa mawati 45 okha, pomwe ya mu laputopu yokhuthala imapyola 100. Nambala imeneyi amaitcha TGP. Lembani dzina lonse la laputopuyo pa Google limodzi ndi mawu akuti TGP muone.

Amene ndalama yawachepera asataye mtima. Blender ili ndi chida china cha render, EEVEE, chomwe chimathamanga kwambiri kuposa Cycles. Filimu ya makatuni ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inalandira mphoto ya Oscar mu 2025, inapangidwa ndi Blender ndipo render yake inali ya EEVEE.

Chachitatu: onani mmene imazizirira

Ichi ndi chimene chimatisiyanitsa ndi anzathu a ku Dedza kapena ku Mzuzu. Purosesa ikatentha kufika pafupifupi madigiri 95 mpaka 100, imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Mumagula makina amphamvu, koma patatha mphindi khumi akuyenda ngati ng'ombe za ngolo masana a mu Okutobala. Fani ya laputopu imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo, ndiye m'nyumba ya malata ku Ngabu imayamba ntchito italuza kale.

Chifukwa cha ichi, laputopu yopyapyala yokongola ija isiyeni. Funani yokhuthala, ya mafani awiri, yokhala ndi potulukira mpweya kumbuyo kapena m'mbali. Mitundu monga Lenovo Legion ndi LOQ, ASUS TUF, Acer Nitro ndi HP Victus inapangidwira osewera magemu, ndipo kulemera kwakeko ndiko kukuthandizani. Itembenuzeni muone pansi pake: chivundikiro chikhale chomanga ndi masikuluwu oti katswiri angamasule mosavuta. Fumbi la chilimwe, ndi phulusa lija limauluka nthawi yodula nzimbe, zimatseka mafani msanga, ndiye makinawo azifunika kutsegulidwa ndi kupukutidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Ikakhala ya kaunjika, muuzeni katswiriyo asinthenso thermal paste, phala lija limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, chifukwa limauma pakapita zaka.

Mukafika nayo kunyumba, musaiike pabedi kapena pamphasa. Ikhale patebulo, kumbuyo kwake mutakukweza pang'ono kuti mpweya uzilowa pansi. Render yaitali muziisiyira usiku kapena m'bandakucha. Kutentha kumafupikitsanso moyo wa batire, nthawi zina mpaka kulifufumitsa. Malaputopu a Lenovo ndi ASUS ali ndi pulogalamu yoletsa batire kudzaza kupitirira 60 kapena 80 peresenti, ndipo ngati nthawi zambiri mumagwira ntchito mutalumikiza kumagetsi, itsegulireni.

Nanga MacBook? Za purosesa ya M zimadya magetsi ochepa ndipo batire lake limakhalitsa, zomwe n'zokopa kwa ife. Koma MacBook Air ilibe fani n'komwe, RAM yake siwonjezereka, ndipo ikawonongeka kupeza zipangizo ndi ntchito. Kwa wojambula 2D ndi yabwino. Kwa wa 3D wa ndalama zowerengeka, sindingailimbikitse.

Chachinayi: purosesa, RAM ndi SSD

Pa purosesa onani chilembo chakumapeto kwa dzina lake. U ndi yosunga batire, ya mawati pafupifupi 15. H ndi ya ntchito yolemera, ya mawati pafupifupi 45. Core i5-12450H imaposa kutali Core i7-8550U ngakhale dzina la i7 limamveka lalikulu. Pa AMD, Ryzen 5 kapena 7 ya H ndi yabwino chimodzimodzi. Za kaunjika zakale kwambiri zipeweni: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo.

RAM yambani ndi 16GB, ndipo funsani ngati pali malo owonjezerapo kuti mtsogolo mufike 32GB. Posungira zinthu pakhale SSD ya 512GB kapena kuposa. Muguleponso hard drive yapadera yosungira ntchito zanu, muziitsekera m'chidebe chosalowa madzi n'kuika pamwamba. Amene anaona madzi a 2015, a 2019 ndi a namondwe Freddy mu 2023 safunika kuwafotokozera chifukwa chake.

Chachisanu: sikirini

Malaputopu ambiri otsika mtengo a magemu ali ndi sikirini yolembedwa 45% NTSC, imene mitundu yake ndi yofuwirira. Mujambula kulowa kwa dzuwa pa Shire mukuona ngati kwakhala bwino, koma pafoni ya kasitomala kukaoneka kofiira mopyola. Funani sikirini ya mtundu wa IPS ya 1920 x 1080 yolembedwa 100% sRGB. Za 144Hz zija, zonena za liwiro limene sikirini imasinthira zithunzi, n'zothandiza posewera, pojambula zilibe phindu lenileni. Koma ngati mukakamizika kusankha pakati pa GPU yabwino ndi sikirini yabwino, tengani GPU. Monita mudzagula pambuyo pake n'kulumikiza pa HDMI.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi

Chaja ya laputopu yotere imakhala ya mawati 150 mpaka 230. Ikangochoka kumagetsi, GPU imatsitsa mphamvu, ndipo batire limene limatha maola angapo mukulemba kalata silikhalitsa pa render. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira dziko lonse namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, pomwe mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, siteshoni yake ili konkuno ku Chikwawa.

Ngati mukudalira sola, werengerani bwino. Laputopu yodya mawati 200 kwa maola 5 yadya 1,000Wh. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma likakhala la asidi muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti lisafe msanga. Ndiye batire limodzi silikwana usiku wa render. Inveta ikhale ya pure sine wave. Pamagetsi a ESCOM ikani surge protector, kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa chaja imapsa nthawi imene magetsi akubwerera.

Ka nzeru kena kosalira ndalama: mu Blender musamatulutse kanema mwachindunji ngati MP4. Tulutsani chithunzi chimodzichimodzi ngati PNG. Magetsi akazima pa chithunzi cha 900, mudzayambira pa 901, kenako n'kuzilumikiza zonse pamapeto.

Chomaliza: iyeseni musanatulutse ndalama

Pitani ku Blantyre kapena ku Limbe ndi fulashi yokhala ndi Blender ya zip, imene imatseguka osaiika m'kompyuta, komanso pulogalamu yaulere ya HWiNFO, yoonetsa kutentha kwa makina. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, muone nokha dzina la GPU, VRAM, RAM ndi SSD. Zolembedwa pa katoni kapena pa sitika musazikhulupirire. Lumikizani chaja, yambitsani render ya mphindi 15 kapena 20, mukuyang'ana kutentha pa HWiNFO. Ngati ikukhazikika pa madigiri 95 ku Blantyre kozizirako, mukatsika nayo zitunda za Chikwawa n'kufika pa Thabwa idzakhala pamavuto. Mverani mafani: onse azizungulira, popanda phokoso lokhulana.

Ikakhala ya kaunjika, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, mufananize Design Capacity ndi Full Charge Capacity kuti muone mmene batire lathera. Onetsani chithunzi choyera kenako chakuda pa sikirini yonse kuti madontho aonekere. Yesani mabatani onse, mabowo a USB ndi HDMI, komanso mahinji. Lowani mu BIOS, malo osinthira makonzedwe a makina Windows isanatseguke, mutsimikize kuti mulibe pasiwedi ya mwini wakale. Chaja ikhale yakeyake, ya mawati olembedwa pansi pa laputopuyo, chifukwa yaing'ono imachititsa kuti makina azidzichepetsa mphamvu ngakhale ali pamagetsi. Wogulitsa akakana kuti muyese, thokozani mupite kwina.

Mitengo imatsatira dola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 siikhazikika, choncho imbani mufunse mtengo wa tsikulo musanawononge thiransipoti. Lisiti likhale ndi serial number ya laputopuyo ndi miyezi ya waranti yolembedwa ndi cholembera, osati yapakamwa. Ndipo musanakwere yobwerera kumudzi, pezani malo a Wi-Fi muikiretu ma update a Windows, driver ya NVIDIA Studio, Blender, Krita ndi Godot. Pa bandulo ya foni zimenezi zingakudyereni magigabaiti angapo tsiku loyamba lomwelo.