Botolo la galasi kapena la pulasitiki: mmene ndimasankhira chotengera madzi opita ku labotale

Musananyamuke kupita ku mjigo, khalani pansi mulembe zimene mukufuna kuti labotale ikayeze m'madziwo. Mndandanda umenewo ndi umene usankhe botolo. Pa ntchito yanga yoyeza madzi, madzi ambiri amene ndimawabweza amakhala atatungidwa mosamala ndithu, vuto n'kukhala chotengera. Botolo limamwa zina za m'madzi, n'kuthiramonso zake. Galasi limatulutsa sodium ndi silica pang'onopang'ono, ndipo zitsulo zina zimamatirira pakhoma pake. Pulasitiki amayamwa mafuta ndi mankhwala a kumunda. N'chifukwa chake mjigo umodzi ungafune mabotolo atatu kapena anayi osiyana.

Ndiyambe ndi tizilombo, poti chichokereni kolera wa 2022 ndi 2023 ambiri amabwera kudzafunsa za E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi. Apa galasi ndi pulasitiki zonse zimatheka, bola botololo likhale lophedwa tizilombo. Ngati mumaphika nokha mabotolo mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15, gulani a pulasitiki wotchedwa polypropylene. Tembenuzani botolo muone kunsi kwake: pali kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala. Nambala 5 kapena zilembo PP ndiye ameneyo. Wa nambala 1, ngati wa madzi ogula m'sitolo, amakwinyika akangolowa mu autoclave, ndipo wa nambala 2 ndi 4 nayenso sapirira kutentha kumeneko. Pophika musamange chitsekero kwambiri, botolo lingaphwanyike pozizira.

Botolo la tizilombo silitsukuluzidwa ndi madzi a pamalopo ayi. Mumangotsegula, kutunga, kutseka, chala osakhudza kukamwa kwake kapena mkati mwa chitsekero. Siyani mpata wa masentimita awiri kapena atatu pamwamba kuti ku labotale tikathe kukhutchumula. Ngati madziwo ndi a pampopi kapena athiridwa klorini, m'botolomo mukhale kale sodium thiosulphate, mankhwala othetsa mphamvu ya klorini. Popanda iyeyu klorini amapitiriza kupha tizilombo m'njira yonse, ife n'kulemba kuti madzi ndi abwino pamene pa mpopi sanali choncho. Ikani mu kuula bokosi ya ayezi, ndipo afike pasanathe maola 6 ngati n'kotheka. Akapitirira maola 24 zotsatira zake sindizikhulupirira.

Tsono zitsulo, pamene anthu ambiri amasokonezeka chifukwa amaganiza kuti galasi ndiye laukhondo kuposa zonse. Pa ayironi, manganese, mtovu, mkuwa ndi zinc, tengani pulasitiki wa HDPE, wa nambala 2 uja, woyera mbuu wopanda utoto, ndipo chitsekero chake chikhalenso cha pulasitiki. Chitsekero chachitsulo kapena cha labala chimathiramo zake, makamaka zinc. Botolo liyambe lanyikidwa mu nitric acid wosungunula, usiku wonse ngati nthawi ilipo, kenako litsukuluzidwe ndi madzi a distilled, a ku labotale ochotsedwa mchere ndi zitsulo. Mukatunga, dontheziranimo nitric acid mpaka pH, muyezo wa asidi m'madzi, itsike pansi pa 2. Mukatero madziwo angadikire mpaka miyezi 6.

Chifukwa chothirira asidi mumachiona ndi maso pa mijigo ya madzi a dzimbiri. Madzi amatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa mpaka madzulo afiira, pansi pali matope ofiira. Ndi ayironi amene wakumana ndi mpweya. M'botolo lopanda asidi zimachitikanso chimodzimodzi: ayironi amakhazikika pansi ndi m'mbali, makina n'kuwerenga wochepa. Ngati mukufuna zitsulo zosungunuka zokha, sefani kaye ndi fyuluta ya 0.45 micron musanathire asidi. Mercury yekha ndi wosiyana ndi anzake: amasungika bwino m'galasi kapena mu Teflon, pulasitiki wapadera wosagwirana ndi mankhwala, ndipo sadikira kupitirira masiku 28.

Chenjezo limodzi pano, chifukwa limagwetsa ngakhale akatswiri. Botolo limene lakhudzana ndi nitric acid lisatengerenso madzi oyeza nitrate. Kadontho kotsalira kamakweza nambala, mudzi wonse n'kuuzidwa kuti zimbudzi zikuipitsa chitsime. Ine mabotolo a asidi ndimawamata tepi yofiira, ndipo amakhala pa shelefu yawoyawo. Nitrate amafuna botolo lake loyera, kuzizira, ndi kuyezedwa pasanathe maola 48.

Fluoride ndi nkhani ya pulasitiki basi, popeza amagwirana ndi galasi. Kwathu kuno si nkhani yaing'ono. Madera ngati Nathenje amadziwika ndi madzi a pansi okhala ndi fluoride wambiri, ana mano ali bii ndi madontho ofiirira. Malire a World Health Organization ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, choncho botolo likangobako pang'ono, mjigo woopsa ungaoneke ngati uli bwino. Botolo lomwelo la HDPE, la lita imodzi, lopanda asidi, lingatengerenso madzi oyeza chloride, sulphate, sodium ndi silica, monga timachitira ndi madzi a mchere a ku Chikwawa ndi Nsanje. Limeneli litsukuluzeni katatu ndi madzi a pamalopo, mudzaze mpaka pakamwa.

Galasi limalamulira pa mankhwala ophera tizirombo ta m'munda, pa mafuta, ndi pa petulo kapena dizilo wolowa m'madzi. Mukamatunga mumtsinje wodutsa m'minda ya thonje kapena ya fodya, nyamulani botolo lagalasi lofiirira la lita imodzi. Mtunduwo umatchinga dzuwa limene limaphwanya ena mwa mankhwalawa. Mkati mwa chitsekero mukhale Teflon. Akasowa, yalani kachidutswa ka foyilo ya aluminiyamu pakamwa musanatseke. Pulasitiki pano amalakwa kawiri: amamwa mankhwala amene mukuwafuna, n'kutulutsa ake otchedwa phthalates amene amasokoneza makina. Madzi amenewa labotale iyambe kuwayeza pasanathe masiku 7. A mafuta amafuna galasi la kukamwa kwakukulu, losatsukuluza ndi madzi a pamalopo, chifukwa mafuta amakakamira m'mbali ndipo ife timatsuka botolo lonse poyeza. A petulo ndi zina zouluka msanga amalowa m'timabotolo ta mamililita 40, todzaza mpaka madzi atatumphuka pakamwa. Mukatseka tembenuzani: kathovu ka mpweya kakaoneka, tungani kena.

Phosphate ndimakonda kumutengera m'galasi lotsukidwa ndi hydrochloric acid, ndipo sopo waufa asayandikire, poti wina amakhala ndi phosphate yemweyo. Za pH, klorini wotsala ndi kutentha kwa madzi, palibe botolo limene lingazisunge. Yezerani pomwepo, mkati mwa mphindi 15.

Nanga botolo la Sobo kapena la Fanta lotsukidwa bwino? Amabwera nawo ambiri, ndipo ndimamvetsa, mabotolo enieni ndi odula komanso sapezeka pa boma paliponse. Koma shuga wotsalira ndi chakudya cha tizilombo, ndipo zakumwa zina zili ndi asidi ndi phosphate. Pa tizilombo ndimakana. Ngati mwapanikizika ndipo mukungofuna kudziwa za mchere kapena fluoride, botolo la madzi ogula limene mwalitsegula kumene, lotsukuluzidwa katatu ndi madzi a pa mjigopo, lingathandize, koma lembani pa fomu kuti munatengera m'chiyani.

Pa ulendo uliwonse nyamulani botolo limodzi la mtundu uliwonse lodzaza madzi a distilled kuchokera ku labotale. Liyende nanu, libwerere, liyezedwe pamodzi ndi enawo. Mukapezeka mtovu kapena tizilombo m'menemo, vuto lili m'mabotolo kapena m'kuula bokosi, osati pa mjigo. Dzina la malo, tsiku ndi nthawi lembani pathupi pa botolo ndi cholembera chosafufutika, osati pa chitsekero, chifukwa zitsekero zimasinthana. Magalasi akulungeni ndi nsalu kapena katoni kuti asagundane pa msewu wa mabampu, ndipo asagone mufiriza: madzi akaundana galasi limasweka.