Kupanga Zilombo ndi Anthu a M'nkhani mu Dungeons & Dragons

M'masewera a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America mu 1974, wosewera aliyense amayendetsa munthu wake m'nkhani yongopeka, ndipo wotsogolera masewera ndiye amalankhulira aliyense amene sali m'manja mwa osewera, kuyambira wogulitsa mowa mpaka chinjoka cha kuphanga. Ambiri akamapanga chilombo amathamangira manambala osonyeza mphamvu zake, koma ine ndimayamba ndafunsa kuti chilombocho chikufuna chiyani.

Taonani rust monster, chilombo chimene Gygax anachitengera pa kachidole ka pulasitiki. Icho sichilakalaka mnofu wa munthu. Chimanunkhiza chitsulo, ndipo lupanga kapena chovala cha nkhondo chimene chakhudza ndi tinyanga take chimachita dzimbiri. Msilikali amene sanathawepo chinjoka mudzamuona akubwerera chambuyo atabisa lupanga kumsana, pamene mnzake wochenjera akuponya misomali patali kuti chilombo chipatuke. Njala yakeyo ndiyo yapatsa osewera njira zingapo, ndipo kupha ndi imodzi chabe mwa izo. Musachitulutsenso mwadzidzidzi. Osewera ayambe apeza makasu ofumbutuka m'munda ndi chitseko chopanda mahinji, kuti mantha afike chilombo chisanafike.

Manambala abwere pambuyo, ndipo musawapeke m'mutu. Tengani chilombo chimene chilipo kale n'kuchisintha pang'ono. M'malamulo a 2014, goblin, kachilombo kakang'ono kooneka ngati munthu, ali ndi hit points 7 (muyeso wa moyo wake) ndi Armor Class 15 (nambala yofunika kuifikira kuti umumenye), ndipo ameneyu ndi muyeso wabwino kwa osewera ongoyamba kumene. Samalani ndi kuchuluka kwa adani, pakuti magoblin anayi amamenya kanayi pa ndime iliyonse ya nkhondo (pamene aliyense amapeza mpata umodzi), ndipo wamatsenga wa level 1, gawo loyambirira, akhoza kugwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Musanaitane anzanu, khalani panokha ndi dayisi ya mbali 20, museweretse nkhondoyo ndime zitatu, muone amene watsala chilili.

Anthu a m'nkhani safuna mbiri ya masamba asanu, imene kunena zoona palibe wosewera adzaifunse. Apatseni dzina, chimene akufuna, chizolowezi chimodzi chooneka ndi maso, ndi chinthu chimene akubisa. Mayi woolotsa anthu pa bwato, amene amaluma ndalama iliyonse asanailandire ndipo sayang'ana kutsidya chifukwa achifwamba anatengera mwana wake kumeneko, osewera adzamukumbukira kwa miyezi. Osewera akamukomera mtima, mayiyo awauze za njira yachinsinsi, koma asapite nawo kukawamenyera nkhondo, chifukwa munthu wa wotsogolera akamapambana m'malo mwa osewera, iwo amasanduka oonerera ndipo chidwi chimazirala.

Sungani pambali pepala la mayina khumi osagwiritsidwa ntchito. Tsiku lina osewera adzasiya mfumu imene munaikonzekera sabata yathunthu n'kuyamba kucheza ndi mlonda wa pachipata, ndipo akadzafunsa dzina lake mudzangoyang'ana papepalapo n'kuyankha mosadodoma.