Mmene mungayendetsere village clinic kumidzi ya kumapiri

Ngati akutumizani kukagwira ntchito ya zaumoyo kumidzi ngati ya ku Usisya kapena Mphompha, musanatsegule n'komwe bokosi la mankhwala, khalani pansi ndi amfumu ndi komiti ya zaumoyo mupangane za mayendedwe. Wa njinga yamoto ndi ndani, nambala yake, netiweki imagwirira pati, nanga mtsinje ukadzaza anyamata onyamula machira ndi ati. Kuno ku Mzuzu mvula imakhalitsa mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, ndiye msewu ukaterera ambulansi osaidalira kwambiri, ndipo zokambirana izi zisachitike mwana atakomoka kale ayi.

Ma village clinic anayamba mu 2008 ndipo ndi a ana a miyezi 2 mpaka zaka 5. Khanda losakwana miyezi 2 likadwala, kuchipatala basi.

Mwana akabwera thupi latentha, muyezeni kaye ndi mRDT, kachipangizo koyezera malungo m'magazi, LA perekani akapezeka ndi malungo. Kawiri pa tsiku masiku 3, ndipo uzani mayi kuti amalize onse olo mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri, chifukwa ambiri amasungira wina otsalawo. Wotsegula m'mimba, Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, kuphatikiza zinc masiku 10.

Pa chifuwa ndi pomwe ndikufuna mudekhe. Kumapiri kumazizira, ana amatsokomola pafupifupi onse, ndiye kusiyanitsa chimfine ndi chibayo kumafunika wotchi osati maso okha. Mwana akhale pamiyendo pa amake, asakhale akulira, kwezani kamalaya muone pamimba ndiye werengani mpweya mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, ameneyo akupuma mothamanga, apatseni amoxicillin. Koma mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, mpatseni mlingo woyamba, anyamuke kupita kuchipatala.

Anyamukenso wokomoka, wolephera kuyamwa, wosanza chilichonse, wolefukiratu, wotupa mapazi onse awiri kapena amene kalamba koyezera kunyentchera pamkono kafika pofiira, pansi pa 11.5 cm. Lembani kalata ya referral, yotumizira mwana kuchipatala, momveka, nthawi ndi mankhwala omwe mwapereka, imbirani wa njinga uja. Amayi oyembekezera auzeni akadikirire kuchipatala mwezi wawo usanakwane, kutsika phiri usiku matenda atayamba ndi zoopsa heavy.

Malangizo onsewa perekani m'Chitumbuka kapena Chitonga ngati ndi chomwe mayiyo amamva bwino, kenako abwereze yekha mumve.

Mankhwala itanitsani ku health centre mvula isanayambe, muwasunge pamwamba posafika chinyezi, ndipo katemera wa sikelo asachoke mu cooler box mpaka nthawi yobaya. Mukasowa pogwira imbani 54747, Chipatala Cha Pa Foni, pa Airtel ndi ulere.