Kukaonetsa Ana Nsomba za M'nyanja ya Mchere

Ana athu kuno ku Chipata amadziwa nsomba za mu Luangwa ndi kapenta wa pamsika, koma popeza Zambia ilibe nyanja ya mchere, shaki amangoiona m'mabuku. Mukakhala ndi ulendo wa ku Durban ku South Africa, patulani tsiku lathunthu lokacheza ku uShaka Marine World, malo amene anatsegulidwa mu 2004, kumene nsomba zimasambira kuseri kwa magalasi m'nyumba yomangidwa ngati sitima ya pamadzi yakale yosweka.

Mukafike m'mawa ndipo mukafunse nthawi yodyetsa nsomba, chifukwa m'pamene ogwira ntchito amafotokoza zambiri. Musawafulumizitse anawo, pakuti ine ndimaona kuti mwana amagwira zambiri akaima nthawi yaitali pamalo amodzi n'kumafunsa mmene nsomba imapumira m'madzi. Muwaletse kugogoda galasi, chifukwa phokoso limayenda mwamphamvu m'madzi ndipo limasautsa nsombazo.