Momwe mungaikire sola pa drone kuti izikhalitsa mumlengalenga

Ndiyambe ndi kukhumudwitsa eni ake ma drone a mapropela anayi aja ojambulira maukwati ndi zinkhoswe. Pa amenewo sola sigwira. Drone yotere imadya magetsi ambiri pongoima m'malere, ndipo pamsana pake palibe malo oyalapo kanthu. Nkhani ino ndi ya drone ya mapiko ngati ndege, yopepuka, ya mota imodzi. Yanga ndi ya fomu, mapiko ake ndi otambalala mamita 2, ndipo imayendera batire ya lithiamu yotchedwa LiPo, ya magawo atatu (3S), yomwe ikadzaza imawerenga mavoti 12.6.

Musanagule kalikonse, dziwani kuti ndege yanu imadya mawati angati ikamayenda chopingasa, osakwera osatsika. Ikani kamita ka mawati pakati pa batire ndi ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, kapena onani pa telemetry, yomwe imakutumizirani manambala a ndege ili m'mwamba, ngati muli nayo. Yanga inkadya pakati pa 40 ndi 50. Masana opanda mitambo, dzuwa limaponya mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita imodzi, ndipo maselo abwino a sola amatolapo 22 pa 100 alionse. Werengerani nokha kukula kwa mapiko anu. Ngati ndege yanu imadya mawati 150, ichepetseni kaye thupi, za sola mudzaziona pambuyo.

Maselo ake si mapanelo a galasi omwe timakhoma padenga, kapena tija totchajira foni togulitsa pamsika. Funani a SunPower C60. Lililonse ndi masentimita 12.5 mbali zonse, limalemera magalamu pafupifupi 7, limapereka mavoti 0.58 ndi ma amp pafupifupi 6, kutanthauza mawati atatu ndi theka. Ubwino wake ndi woti mawaya onse ali kumsana kwake ndipo limalola kupindika pang'ono. Pa mapiko anga onse awiri panakwana 14 mumzere umodzi. Kuwalumikiza mondondozana kumapereka mavoti 8 ndi mawati 48 papepala. Papepala, ndanena. Phiko likatentha ndi dzuwa la Okutobala mphamvu imatsika, ndipo ndege ikamakhota maselo sayang'ana dzuwa bwino. Ine ndikapeza 30 ndimathokoza.

Itanitsani ochulukirapo, 20 kapena 25, chifukwa ena adzafika atasweka kale. Ogulitsa ena pa intaneti amasakaniza maselo okanidwa kufakitale, chithunzi n'kuika cha abwino. Katundu akafika, yesani selo lililonse padzuwa ndi mita musanamuyamikire wogulitsayo. Ndi mmene dola ikuvutiramu, kuitanitsa kawiri n'kowawa, ndipo MRA nayo imadikira gawo lake. Pa mabatire ndiye musachite kufunsa: batire yobulungira ngati ya tochi, ya mtundu wa 18650, yolembedwa kuti imasunga 9,900 mAh ndi bodza la mkunkhuniza, yeniyeni sipitirira kwenikweni 3,500. Ikwezeni pasikelo. Ikalemera pansi pa magalamu 40, ibwezeni.

Kuwotcherera sikovuta kwa munthu amene anagwirapo kale soldering iron. Maselo amabwera ndi tizitsulo tolumikizira totchedwa dogbone. Agonekeni chafufumimba pagalasi loyera, pulasi ya ili ikumane ndi mainasi ya linzake, pakani flux, mankhwala othandiza kuti mtovu ugwire, gundani mwachangu n'kuchotsa. Valani magolovesi, thukuta la m'manja limasiya zidindo.

Pomwe panandiliza ine ndi pokuta maselo ndi kuwamata paphiko.

Ndinaganiza zodula njira. Ndinanyamula mzere wanga wa maselo asanu ndi awiri kupita nawo pa kashopu kena kochita fotokope kuti andilaminetere ngati satifiketi ya MSCE. Mnyamata wa pamenepo anayang'ana maselo, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Bwana, izi zilowa?" Ndinati zilowa. Zinalowadi, koma pakati pa ulendo ndinamva kuti thee, kaphokoso kakang'ono ngati munthu waponda chigoba cha dzira. Zitatuluka zinkaoneka bwinobwino, zonyezimira. Ndinapita kunyumba, ndinamata paphiko ndi guluu wolimba, ndinatulutsa panja. Mavoti anali okwanira ndithu. Ma amp ndiye anali theka.

Ndinatha masiku atatu ndikukayikira mawaya, ndikuwotchereranso malo amene analibe vuto. Chomwe sindinkachidziwa n'chakuti maselo olumikizidwa mondondozana amayenda ngati ng'ombe za pagoli: imodzi ikatsimphina, ngolo yonse imatsimphina. Maselo awiri anali ndi ming'alu yopyapyala kuposa tsitsi, yongooneka ukawapendeketsa padzuwa la m'mawa. Ndipo poti ndinali nditamata ndi guluu wosamatuka, pochotsa awiriwo ndinaswa ena atatu ndi kukumba fomu ya phiko. Pulasitiki ya laminetayo nayonso inali yochindikala, yolemera kuposa maselo enieniwo.

Ulendo wachiwiri ndinachita chonchi. Ndinasema kamphako kosaya paphiko, kozama ngati kuchindikala kwa selo, kuti maselo akhale mofanana ndi khungu la phiko, mphepo isakodwe. Ndinawaika chakumbuyo kwa phiko komwe kuli kosalala, kusiya kutsogolo komwe kumapindika kwambiri. Selo limalola kupindika mbali imodzi yokha, mukalikakamiza mbali ziwiri lasweka. Pansi pake ndinaika tizidutswa ta tepi yopyapyala yomata mbali zonse ziwiri, m'makona mokha, kuti phiko likamagwedera m'mwamba selo lizipeza popumira. Pamwamba ndinakuta ndi filimu yoonekera yokutira ndege za zidole, yomata ndi simbi yofunda pang'ono, kuyambira pakati kupita m'mbali, osadinikiza. Ndipo ndinkayesa ma amp padzuwa ndikamaliza gawo lililonse: nditawotcherera, nditamata, nditakuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Selo likafa, mumadziwa kuti lafera pati. Onetsetsaninso kuti mlongoti wa GPS kapena kamera siziponya mthunzi pa selo ngakhale limodzi, chifukwa mthunzi umachita zomwe mng'alu umachita.

Kenako pamabwera MPPT, kachipangizo kokhala pakati pa maselo ndi batire. Ntchito yake ndi kusaka malo amene maselo akupereka mphamvu yochuluka, n'kuletsa batire kupitirira muyeso. Popeza maselo anga amapereka mavoti 8 pomwe batire imafuna 12.6, ndinagula yokweza mavoti, ya boost. Ya Genasun ndi yodziwika koma mtengo wake ndi wa mapiko onse awiri. Zilipo zotchipa, bola muione kuti ikupirira ma amp 6 ndipo mwaitchera pa 12.6 osapitirira. LiPo ikadya mopyola imafufuma, kenako ndi moto. Alipo amene amalumpha MPPT n'kungoika diode ya Schottky, kachipangizo kolola magetsi kuyenda njira imodzi yokha. Zimayenda ngati mavoti a maselo akugwirizana ndi a batire, koma ine batire yanga sindiiseweretsa. Chotsani chikhokho cha MPPT kuti ipepuke, iikeni pomwe pamadutsa mphepo.

Zonsezi zinawonjezera magalamu pafupifupi 200, ndipo kulemera kunapita kumbuyo. Sunthirani batire kutsogolo mpaka ndege ikhazikike mukainyamula pazala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo pomwe inkakhazikika kale. Yesani kuiponya ndi dzanja mota ili yozima paudzu wautali.

Ulutsani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Kwerani ndi batire, mukafika pamwamba chepetsani mphamvu ya mota, khotani motakasuka. Miyezi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, ngakhale utsi wa moto wa kutchire umaphimba dzuwa masiku ena. Juni ndi Julayi muli mwera ndi chiperoni, musadzivute. Yanga inkatera pakatha mphindi 40, tsopano imadutsa ola ndi theka, ndipo nthawi zambiri limayamba kutopa ndi khosi langa. Musayembekezere za AtlantikSolar ya ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland, yomwe inauluka maola 81 osatera mu 2015, kapena Zephyr ya kampani yopanga ndege ya Airbus yomwe inakhala m'mwamba masiku 64 mu 2022. Amenewo ali ndi ndalama zawo.

Za chilolezo kafunseni ku ofesi yoona za maulendo a pandege, khalani kutali ndi bwalo la ndege, ndipo dziwitsani amfumu a dera lomwe mukuulutsiralo, anthu asadabwe. Ofuna kuyesa mtunda wautali, ku Kasungu kuli dera loyesera ma drone lomwe boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017. Mukatera, pukutani fumbi pamapiko ndi kansalu kofewa, ndipo ndegeyo musaisiye padzuwa ili pansi, fomu imapindika.